Kuitana Kosamaliza

Nkhani iyi anandiuza ndi mlamu wanga Ndaziona Kaphaizi, tsiku limene tinkaphika thobwa la chinkhoswe kwa achemwali anga kufupi ndi Mponela. Amayi ena anali atapita kuchigayo ndi chimera, ife tinatsala awiri padiramu, tikulandirana mthiko. Za makompyuta ine sindizidziwa. Pamene sindinamvetse ndinkamufunsa, iye n'kubwereza mofatsa. Ndinena monga anandiuzira, ndipo Mulungu andithandize kuti ndisapotoze mawu a mwini wake.

Ndaziona anaphunzira ntchito yokonza mawu ku Blantyre, ndipo atabwerako ankakonza nyimbo ndi zolengeza za pawailesi ali pakhomo pa bambo ake. Bambo akewo, a Kaphaizi, ndiwo ankatsogolera kwaya ya akuluakulu patchalitchi cha m'mudzimo kuyambira ali mnyamata. Kalekale kunabwera mphunzitsi wina ndi wailesi ya kaseti, najambula oimba mmodzimmodzi, aliyense akuimba mbali yake ya nyimbo imodzi, kuti obwera m'mbuyo aziphunzirirapo. Makasetiwo a Kaphaizi anawasunga m'chitini cha mabisiketi. Ambiri mwa oimbawo anatisiya. Mmodzi mwa iwo anali mayi ake a Ndaziona, amene ankaimba sopulano.

Mpingo utakonza chikondwerero chokumbukira kuyambika kwa kwayayo, a Kaphaizi anatulutsa chitini chija.

"Zidzukulu za anthu awa zimangodziwa manda," anatero. "Ndikufuna ndikatchula dzina pagulu, mawu a munthuyo amveke. Makina akowo angathe?"

"Angathe, ababa."

Anasamutsa makaseti onse kuwaika mulaputopu, munthu aliyense ndi fayilo yake. Kenaka anayamba kumanga chowaimbitsira. Pulogalamu imene amagwiritsa ntchito si yolemba mizere ya mawu ayi. Amajambula timabokosi pagalasi n'kutilumikiza ndi tizingwe, monga muja tilumikizira mapaipi a madzi kudimba. Kabokosi kena n'kotumiza uthenga, kena n'koimba. Ka uthenga kakanena kuti "tsegula Nabanda.wav", koimba kaja kamakafuna fayilo ya dzina limenelo n'kuiimba. Kamchira ka .wav kamangosonyeza kuti fayiloyo ndi ya mawu.

Poyamba anapangira munthu aliyense kabokosi kake ka uthenga, mpaka galasi linadzaza tizingwe ngati nkhuku yadzikola mu ulusi. Ndiye anafufuta zonse, napanga kabokosi kamodzi kokha kokhala ndi malo osalembapo: "tsegula $1.wav". Ndinamufunsa kuti $1 n'chiyani. Anati uli ngati mpando wosiyira mlendo. Dzina lililonse limene walemba pamwamba limatsika ndi chingwe n'kudzakhala pampandopo, uthenga n'kukwanira, nyimbo n'kumveka. Anayesa maina angapo, zonse zinayenda bwino.

Anali masana, ali pakhonde. Azakhali ake a Nambewe, mlongo wa a Kaphaizi, ankasankha nyemba pamphasa. A Kaphaizi anavala magalasi nasuzumira pagalasi la laputopu.

"Apa walemba chiyani?"

"Nabanda, ababa."

"Nabanda? Unkasewera naye fulaye? Munthu anakusambitsa uli khanda, lero wasanduka Nabanda? Uyu Chimkono, uyu Gomani. Ukuitana mbuzi kodi?"

"Ndi maina a mafayilo chabe. Makina sadziwa ulemu."

"Makina sadziwa, nanga iwe? Ika a."

"Muuzeni, achimwene," anatero a Nambewe osadzutsa mutu. "Ana a ku Blantyre amayamba kutaya ulemu, kenaka chitenje."

Ndaziona anaseka, nasintha maina monga tinaphunzirira kusukulu: a payekha, kampata, kenaka dzina. Atatha analemba pamwamba paja kuti "a Nabanda", nadina batani.

Nyimbo sinamveke. Sipika inangopuma, kupuma kwa munthu amene wayenda ulendo wautali. Kunamveka ngati wina akupukuta mapazi pakhomo. Kenaka mawu a mayi wachikulire, otsika, aulemu:

"Wawa."

Ndaziona anayesa ndi koyambirira kwa kaseti kumene anaiwala kudula. Anadikira nyimbo, koma sinabwere. Analemba "a Chimkono". Kupuma komwe kuja, kukhosomola pang'ono, ndi mawu a bambo: "Wawa." Analemba "a Gomani". Wina anayankha. Anabwerera kwa a Nabanda, ndipo anayankha ndi mayi wina, osati woyamba uja. Mukudziwa mmene munthu wa ntchito amachitira chinthu chikamukanika. Anangoti dinu, dinu, dinu, kuyesa uyu, kuyesa uyo, kubwereza, ndipo ulendo uliwonse pankayankha munthu watsopano.

"Makina ako aphunzira ulemu, nyimbo aiwala," anaseka a Nambewe.

A Kaphaizi sankaseka. Anali atavula magalasi, mutu atapendeketsa. Kutamveka mawu ena a bambo wolankhulira m'mphuno, anagwira mkono wa mwana wawo.

"Zimitsa."

"Ndingoona kaye pamene palakwika."

"Ndati zimitsa. Amenewo ndi a Gwedeza."

"Mulibe fayilo ya a Gwedeza muno, ababa."

"Ndikudziwa. Tinawaika m'manda kaseti isanabwere."

Nyemba zinasiya kugwera m'lichero.

M'mawa mwake a Kaphaizi anasowa kafoloko kawo kachitsulo, kamene amamenya pabondo n'kuika pakhutu kuti apeze kiyi yoyambira nyimbo. Kankakhala m'thumba la jekete zaka zonse. Anakutumula jeketeyo, anayang'ana pansi pa bedi, kulibe. Nkhuku zinakana kudutsa pakhonde, zinkazungulira kuseri. Galu anagona pansi pa nkhokwe, maso ake akutsatira chinthu kuchokera kumpanda mpaka pakhomo, kenaka n'kubwerera kumpanda kukatsatira china.

Amayi osesa kutchalitchi anabwera kudzafunsa ngati a Kaphaizi ndiwo anasuntha mabenchi. Mabenchi akale a kwaya, amene anaunjikidwa kumbuyo chikuzireni tchalitchi, anawapeza atandandalikidwa kutsogolo, moyang'ana chammbali monga ankakhalira kale. M'kabati munasowa mabuku a nyimbo, koma akale okhaokha, othothoka zikuto. Atsopano anali momwemo.

Ndaziona atapita pamsewu kukagula tomato, mayi wogulitsayo, a Nachuma, anamufunsa akumuikira m'jumbo:

"Alendo anu aja anafika?"

"Alendo ati?"

"Agogo aja ovala mipango yobiriwira. Adutsa pano awiriawiri chim'mawa. Amafunsa kuti kwaya ikukumana kwa a Kaphaizi kapena kutchalitchi. Aulemu bwanji! Moni mpaka kugwira pachifuwa."

"Anali ndani?"

A Nachuma anasiya kuika tomato m'jumbo. Anayang'ana kumsewu.

"Iii, taonani. Ndalankhula nawo ndithu, koma nkhope zandithawa. Ndipo fumbi lonseli, iwo mapazi awo anali oyera."

Mipango yobiriwira inali yunifomu ya kwayayo Ndaziona asanabadwe. Ankaidziwa pachithunzi chokha.

Apa ine ndinasiya kuvundula, ndinati, "Ambuye Yesu." Ndaziona analandira mthiko napitiriza.

Chimene chinamuopsa koposa si mabenchi kapena nkhuku, koma bambo ake. Anayamba kumaimirira pakhonde jekete atavala, chala chili m'mwamba, akuloza malo opanda munthu monga amachitira powerenga oimba. Tsiku lina anawamva akung'ung'udza kuti, "Aluto yachepa." Tsiku linzake anagwedeza mutu mokhutira, nati, "Akwana tsopano." Chakudya ankangochiyang'ana. Manja awo anazizira ngati a munthu wochapa m'mawa wa Juni. Akalankhula ali pafupi, mawu ankamveka ngati akuchokera kuchipinda china.

"Achimwene, idyani," anatero a Nambewe. "Mukufuna anthu azinena kuti mlongo wanu ndimakumanani?"

"Akhala kale, achemwali. Akudikira kiyi."

"Ndani akudikira?"

"Musafunse ngati simukuwamva."

A Nambewe, mayi amene saopa munthu, anakhala pansi pomwepo.

"Musayerekeze, achimwene. Mwamva? Musayerekeze."

"Kwaya siyamba yokha."

"Nanga mukawayambitsa?"

A Kaphaizi anayang'ana manja awo.

"Nyimbo imene ndayambitsa ndimaimaliza nawo. Koma awa samalizira kuno."

Ndaziona anazimitsa laputopu, anazula zingwe zonse, naitsekera m'sutikesi. Sizinathandize. Dzuwa likamalowa, kumbali ya kutchalitchi kunkamveka anthu akukonza kukhosi, mmodzi apa, wina apo, monga ichitira kwaya isanayambe, kenaka zii. Abusa anali kutali, kumipingo ina ya m'dera lawo. A Nambewe anapemphera mpaka mawu anasasa, kenaka anatembenukira mwana wa mlongo wawo.

"Kataye chinthucho m'chimbudzi."

"Azakhali, kutseka chitseko alendo atalowa kale n'kuwatsekera m'nyumba. Ndilekeni ndione chimene ndinawatumizira."

Anatulutsa laputopu m'mawa, kunja kutayera bwinobwino. Choyamba anadula kachingwe kopita kukabokosi koimba, kuti chilichonse chimene angalembe chisafike kwa wina aliyense. Pamalo pake analumikiza kabokosi kena, kongosonyeza uthenga monga watulukira. Analemba "a Nabanda", nadina. Pagalasi panatuluka: tsegula a.wav.

Anayesa "a Chimkono". Panatuluka zomwezo. Pamenepo anamvetsa. Pulogalamuyo ikaona kampata imayesa kuti mawu athera pomwepo. Mpando uja umalandira mawu oyamba okha. Ndiye pampando pankakhala "a", dzina n'kugwera panja. Ndipo fayilo yotchedwa "a" mulaputopumo munalibe. Makinawo anayenera kudandaula ndi zilembo zofiira kuti sanaipeze. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Nthawi zonse ankapeza woti atsegulire.

Mosadziwa anawerenga uthengawo mokweza: "Tsegula a..."

"Ee?" anayankha a Nambewe ali kukhitchini.

"Wawa?" anatero a Kaphaizi pakhonde.

Bambo wina wodutsa panjinga anatembenuka kuyang'ana amene wamuitana. Ndipo kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe munthu, kunamveka tswaa, ngati anthu ambiri atembenuka pamodzi pamphasa.

A Nambewe anatuluka chipande chili m'manja. Anayang'ana Ndaziona, anayang'ana kuseri.

"Mayo ine. Taitana ulemu wokhawokha, wopanda mwini. Mkulu aliyense anayesa ndi iye."

"Ndikonza, azakhali."

"Ukonza makina. Nanga anthu abwerawa? Munthu woitanidwa sathamangitsidwa ngati galu."

"Ndiye tiwaitane bwino, aliyense ndi dzina lake lonse. Tiwauze chimene tinawaitanira, tiwaperekeze."

Ndaziona anayamba ntchito pomwepo. Pakati pa malo olemba dzina ndi mpando uja anaikapo kabokosi kena, komata mawu awiri kuti akhale amodzi, kuti ulemu ndi dzina zizitsika zitagwirana. Anayesa kachingwe kaja kakadali kodula. Panatuluka: tsegula a Nabanda.wav, lonse lathunthu. Anayesa maina ena, onse anatuluka amphumphu. Anawonjezeranso kabokosi ka uthenga wakuti "leka", kuti nyimbo ikatha chitseko chizitsekeka.

Atawauza bambo ake kuti apite kutchalitchi, iwo anavomera msanga kwambiri. Anapukuta nsapato. Anamanga mabatani onse a jekete. Potuluka anaima pakhomo nati, "Njinga ija tayala lakumbuyo n'latsopano, usalole munthu akunamize." Ndaziona anati mawu amenewo anamulasa kuposa zonse zimene anamva m'sipika, chifukwa anali mawu a munthu wotsanzika.

Anapita atatu, masana, dzuwa lili pamutu. Panja pankatentha, koma atalowa m'tchalitchi munali kuzizira kwa kudambo. Munkanunkha sopo wochapira ndi dothi lonyowa. Pamabenchi akale paja panali mabuku osowa aja, lililonse pamalo pake, onse otsegula patsamba limodzi. Kafoloko kachitsulo kanali pagome lakutsogolo, koikidwa bwinobwino ngati wina wakakonzera mwini wake.

Ndinamufunsa kuti, "Unawaona?"

"Ayi, alamu," anatero. "Koma mutalowa m'chipinda chodzaza anthu mutatsinzina, simungadziwe? Dzuwa lolowera pawindo linkafika pansi paliponse. Pamabenchi pokha linkafika lodukaduka."

A Nambewe anagwira mkono wa jekete ya mlongo wawo ndi manja awiri. Ndaziona anaika laputopu ndi sipika pabenchi la pambali, nagwada pomwepo. Analumikizanso kachingwe kaja. Analemba "a Nabanda", napemphera mumtima, nadina.

Kunamveka kaseti yeniyeni, ndi phokoso lake la mchenga, ndi tambala akulira chapatali tsiku limene anajambula. A Nabanda anaimba aluto yawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Itatha, Ndaziona anadina "leka". A Nambewe analankhula moyang'ana benchi.

"A Nabanda, pepani takuvutitsani. Tinafuna zidzukulu zikumveni. Takumvani. Pitani bwino."

Benchi linalira pang'ono, monga limalirira munthu akanyamuka. Atayang'ananso, buku la pamalopo linali lotseka.

Anapitiriza. A Chimkono anaimba tena yawo yokhosomola, nauzidwa kuti apite bwino. A Gomani. Amayi ena, abambo ena. Pena a Nambewe ankalira, pena ankaiwala mantha n'kumacheza. Kwa mayi wina anati, "Mpaka pano mumathamangabe pakolasi, anzanga," kenaka anadzigwira pakamwa. Mafayilo atatsala pang'ono kutha, mabuku otsegula anali akadali ambiri. Amenewo anali a anthu osajambulidwa. A Kaphaizi anawatchula ndi pakamwa, akutembenuzira mutu uku ndi uku ngati akuwaona: a Gwedeza, a Nasiwelo, a Mkanthama. Pabenchi lakumbuyo anaima nthawi yaitali.

"Inu akumbuyo, tinakupezani mutapita kale, maina anu sitiwadziwa. Mwana analakwitsa polemba, ine ndinalakwitsa pomulamula. Tikhululukireni. Pitani bwino."

Kunamveka ngati mphepo yadutsa m'mapesi ouma, kulowera kuchitseko. M'tchalitchi munayamba kufunda. Ntchentche inalowa pawindo, ndipo Ndaziona anati sanakondwerepo ndi ntchentche ngati tsiku limenelo.

Panatsala buku limodzi lotsegula, kutsogolo kumanzere, pamalo a sopulano.

A Kaphaizi anasolola mkono wawo m'manja mwa mlongo wawo mofatsa, ngati munthu wochotsa mwana wogona pamiyendo. Anapita pagome natenga kafoloko.

Ndaziona anathamangira kulemba, koma analekeza. Fayilo yotsalayo anali atailemba monga mwana aliyense akanalembera: amayi. Sanaisinthe tsiku lija, chifukwa a anali kale momwemo. Ndipo kuseri kwa tchalitchicho kuli manda. Akatumiza uthenga wakuti amayi, ndi mayi uti kumeneko amene sangatembenuke?

"Azakhali, sindingalembe. Atchuleni inu."

"A Nankhoma," anatero a Nambewe, "mlamu wanga, takumvani, pitani..."

Buku silinasunthe. Koma kunja, kumbali ya kumanda, masamba anayamba kuchita phokoso popanda mphepo. A Nankhoma ogona kumeneko si mmodzi. A Nambewe anadzitseka pakamwa ndi chitenje.

"Ababa," anatero Ndaziona, "ndiuzeni dzina limene munkawaitanira inu. Limene sangayankhe wina."

A Kaphaizi sanamuyang'ane. Ankayang'ana pamalo a sopulano paja, nkhope yawo itasalala ngati ya mnyamata.

"Ameneyu musiyeni akhale."

"Achimwene!"

"Wayenda ulendo wautali, achemwali. Sopulano ndi besi, nyimbo imatheka."

Anamenya kafoloko pabondo. Kanalira kamawu kake kowonda, kakutalika m'tchalitchi monse. Anakaika pakhutu, natukula dzanja lamanja. Pamalo a sopulano paja wina anakoka mpweya, monga amakokera woimba asanatulutse mawu oyamba.

Ndaziona sakumbuka mmene anadutsira pakati. Anangozindikira wagwira miyendo ya bambo ake, nkhope ili pamaondo awo. Miyendoyo inali yozizira ngati mtsuko.

"Ababa, mukapereka kiyi, ine nditsala ndi yani?"

"Wakula, Ndazi."

"Ndakula pati? Onani, ndalephera ndi kulemba dzina komwe. Munthu wolephera kulemba a mungamusiyire nyumba?"

Anati anamva m'mimba mwa bambo ake mukugwedezeka, kaya kunali kuseka kaya kulira. Dzanja linali likadali m'mwamba. Kafoloko kankalirabe. Mpweya uja unali ukadali wokokedwa, ukudikira. A Nambewe ankangoti, "Yesu, Yesu, Yesu," chapansipansi.

Kenaka a Kaphaizi anakafumbata kafoloko m'dzanja, kanaleka kulira. Dzanja lija linatsika, linadzakhala pamutu pa mwana wawo.

"Feliya," anatero.

Dzina limenelo Ndaziona anali asanalimvepo. Si limene lili pamanda, si la kumpingo. Linali la paubwana, limene awiriwo ankaitanirana okha. M'sipika simunamveke wawa. Munangomveka "Mm?", monga amayankhira mkazi ali kalikiliki ndi ntchito m'nyumba mwake.

"Feliya, mwana akukana. Pita. Ndibwera, koma osati lero."

Ndaziona anali atakwawira kale palaputopu. Anasintha dzina la fayilo, nalemba "a Feliya", misozi ikugwera pamabatani, nadina. Mayi ake anaimba. Anali mawu a mtsikana, oyera, okwera mosavutikira, ndipo pakati pa nyimbo anaseka pang'ono chifukwa wina anawasokoneza tsiku lojambulalo. Atatuwo anamvetsera mpaka kumapeto. Ndaziona anadina "leka". Atadzutsa maso, buku linali lotseka.

A Kaphaizi anakhala pansi pasimenti pomwepo, napempha madzi. Madzulo ake anadya, mpaka anadandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Chikondwerero chinachitika, maina anatchulidwa, mawu anamveka, anthu analira ndi kuseka. Kwaya inaimba, koma anayambitsa ndi wina. Kafoloko a Kaphaizi anakapereka kwa munthuyo, ndipo chiyambire tsiku lija sanaperekenso kiyi, ngakhale pamaliro.

Ine nditamva zimenezi mtima unakhala pansi. Ndinati, "Mulungu alemekezeke, mlamu, bambo anapulumuka." Thobwa linali litayamba kuwira, ndipo amayi a kuchigayo ankamveka akubwera kumsewu. Ndaziona anavundula kangapo. Kenaka anatsamiritsa mthiko padiramu, nandiyandikira kuti obwerawo asamve, nati:

"Alipo ndithu, alamu. Akudya, dzulo anali kudimba. Koma pali chimene azakhali sanamve, ndipo ababa sindinawauze. Pamene anati osati lero, ine ndinali nditafika kale pasipika, khutu lili pafupi. Amayi anayankha. Sanakwiye ayi, analankhula bwinobwino. Anati, 'Chabwino, ndidikira panja.' N'chifukwa chake ababa akati atuluke, ngakhale kungokataya madzi, ine ndimayamba ndatuluka."